Alipo Amene Sanalandire

Lachiwiri, pa 4 Malichi

Andigoneka. Bedi langa ndi lakumapeto, pafupi ndi chitseko cha khonde lalitali lopita kuwodi ya odwala maganizo. Mwanayo ali m'kabedi kake pambali panga, sanakwanitse miyezi iwiri. Ndikulemba kumapeto kwa kope langa la kuntchito, lomwe kutsogolo kwake kuli za anyezi ndi mafuta ophikira, poti kukhala manja lende sindinazolowere.

Ndinagwa dzulo kusikelo ndili pamzere. Mwana anamupeza watsika m'malo mokwera, ndipo asanamalize n'kundiuza komwe, ine ndinali kale pansi ngati thumba la mbatata. Magazi andipeza nawo 6.9. Akuti oyenera ndi 12 kupita m'mwamba.

A dokotala ananditsitsa chikope n'kuyang'ana, kenako akuti, "Mayi, kunyumba mumadya?"

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ine ndine wophika wamkulu pakantini ya fakitale ya nsapato. Anthu odzaza holo amadya za m'manja mwanga tsiku lililonse. Ndinagwira ntchito mpaka sabata yomwe ndinabereka, n'kubwereranso mwana atangotha mwezi chifukwa amene anandigwirizira malo amapsereza nyemba. Lero munthu azindifunsa ngati ndimadya!

Anafunsanso za tulo ndi za kulira. Tulo ndinavomera kuti tinathawa kalekale. Kulira ndinakana, ndipo sindinaname, misozi siibwera. Chimene sindinawauze n'chakuti mwanayo ndimamusambitsa, ndimamuyamwitsa, koma ndikamuyang'ana kumtima kumangoti zii, ngati andisungitsa mwana wa eni ndipo eni akewo achedwa kumsika.

Lachitatu, pa 5

Andiika magazi, thumba limodzi. Amalowa ozizira, ndimawamva akukwera mkono mpaka paphewa. Magazi a munthu amene sindidzamuona. Lina akuti mawa.

Bedi loyandikana nane pali mayi wonenepa wa mapasa, aliyense amangowaitana Amake Mapasa. Anawachita opaleshoni ndipo bala lachedwa kupola. Amaseka atagwira pamimba, amadya ngati akuthamangitsidwa.

Masana kunabwera mpunga ndi nyemba. Mpunga wabwino, koma nyemba anathira mchere msanga, zalimba. Ndinadya.

Kangolo ka chakudya katadutsa, wodi yonse inagwa tulo ta masana, dzuwa lili pamakatani. M'pamene ndinamva. Ngo, ngo, ngo. Supuni pambale yachitsulo. Phokoso limeneli ndimalidziwa kuposa dzina langa. Kukantini kwathu holo imasokosa kwambiri, ndiye munthu amene sanalandire safuula, amangogogoda mbale yake ndi supuni mpaka wophika amuone. Zaka zonsezi palibe amene anagogodapo kawiri ine ndilipo.

Ndinadzuka paipi ya magazi ili kumkono, n'kuitana mayi okankha kangolo aja ali kale pakhomo.

"Pepani, alipo sanalandire."

"Onse alandira, mayi. Ndagawa bedi ndi bedi."

"Nanga akugogodayo?"

Anapendeketsa mutu kumvetsera. Kunali zii. "Mwina mapaipi a madzi."

Mapaipi sagogoda katatu n'kudikira.

Lachinayi, pa 6

Thumba lachiwiri la magazi. Jakisoni wa vitamini B12 pathako, woluma ngati mavu, ndizibayidwa modumphitsa tsiku. Piritsi lofiira la ayironi m'mawa uliwonse, ndi kena kakang'ono kachikasu ka foliki asidi.

Kunabwera mayi wina woona za kadyedwe, wamng'ono kwa ine, wovala magalasi. Anakhala pabedi panga osapempha. Anafunsa zimene ndadya chilowereni muno, ndipo ndinamuwerengera bwinobwino: phala, buledi, mpunga, nyemba, kabichi.

Amake Mapasa anatsokomola. "Asisi, ndinene kapena ndisanene?"

"Nenani."

"Izo mwatchulazo zili m'mimba mwanga muno. Inu mumangotapa kasupuni kamodzi, n'kutafuna mukuyang'ana kudenga, n'kunena kuti mchere wachepa. Kenako mumandikhuthulira zonse. Ine ndimayesa mwakhuta, nanga wokana chakudya ndani ndi ana awiri kubere?"

Ndinakwiya kwambiri. Ndikukumbuka ndikudya. Kukoma kwa nyembazo ndikukudziwa, ndinganene ngakhale mafuta amene anathira. Koma ndikafuna kukumbuka chakudya chikuchepa m'mbale pamaso panga, palibe chimene chikubwera.

Wamagalasi uja sanaseke. Anafunsa, "Munakhala pansi liti komaliza ndi mbale yanuyanu, n'kuimaliza?"

Ndinaganiza. Kuntchito wophika sakhala pansi. Umalawa poto aliyense kawiri katatu, fungo limakukhutitsa, ukamamaliza kugawa pakamwa patopa. Ukamwa tiyi wakuda wa shuga wambiri, basi tsiku latha. Kunyumba chimodzimodzi. Ndikagawira bambo a mwana, azing'ono awo awiri ndi alamu anga, ndimapala za m'poto ndili chiimire. Ndinakhala pansi liti komaliza? Mwina ndisanakhale ndi pakati. Mwina kale kuposa pamenepo.

Anati mwana ali m'mimba sapempha, amangotenga. Akabadwa amatengabe kudzera m'bere. Mayi akapanda kubwezera, amayamba kutha ndi magazi, kenako mphamvu, ndipo mutu nawo umamva njala. Wandilembera mazira, chiwindi, nsomba, nyemba, mtedza, masamba obiriwira ndi mkaka. Piritsi lofiira ndizimwera lalanje, osati tiyi, poti tiyi amatsekereza ayironi kulowa m'thupi. Tiyi wanga yemweyo, amene ndimati ndiye amandigwira!

Za kugogoda sindinamuuze. Kunabweranso atangotuluka, kuchokera kuseri kwa chitseko cha khonde.

Lachisanu, pa 7

Kuthamanga kwa magazi kuli bwino, kutentha thupi palibe. Chizungulire chachepa. Mkaka ukutuluka koma mwana sachedwa kulira akayamwa.

Nthawi ya chakudya ndinaima pakati pa wodi n'kuyang'ana bedi lililonse. Aliyense amatafuna. Ndinasuzumira ngakhale kubafa. Nditangobwerera pabedi, kunayamba.

Loweruka, pa 8

Ndalakwitsa lero. Ndilemba mmene zinachitikira.

Anabweretsa nsomba ndi mbatata. A nesi aatali, amene anawauza kuti azindiyang'anira ndikamadya, anaitanidwa kwa wina amene amataya magazi. Ine ndinali ndikuyamwitsa. Ngo, ngo, ngo. Kudikira. Ngo, ngo, ngo. Lero kunali kofooka, ngati munthu amene wagogoda kwa masiku ndipo dzanja latopa. Mtima wanga sunapirire. Munthu afe ndi njala ine ndili pomwepa ndi mbale yodzaza?

Ndinatenga mbale n'kutsegula chitseko. Khondelo n'lalitali, pansi pake ponyezimira, ponunkha mankhwala okolopera. Masanasana koma munalibe munthu ngakhale mmodzi. Ndikayenda, kugogoda kumasunthira patsogolo pang'ono. Ndikaima, kumandidikira. Ndinadutsa mabenchi opanda anthu ndi njinga ya odwala itayang'ana kukhoma. Ndinkanena motsitsa mawu, "Ndabwera, ndabwera, musadandaule." Kumapeto kuli chitseko chobiriwira chokhala ndi kawindo ka waya. Ndinasuzumira. Mkati munali mayi wina atakhala pabenchi, manja ali pamiyendo, alibe mbale, alibe supuni. Anandiyang'ana, anayang'ana mbale yanga, kenako anasendera pang'ono ngati akundipatsa malo.

A nesi anandipeza pomwepo. Atandigwira mkono m'pamene ndinaona kuti bulauzi yanga ili chitsegulire, mkaka ukudontha. Mwanayo ndinamusiya m'mphepete mwa bedi lalitali la chipatala, osati m'kabedi kake. Anaphiriphitha, nsalu inaterereka naye. Amake Mapasa ndi bala lawo lija anadumpha n'kumuwakha mutu utalendewera kale. Ulusi wina pabalapo waduka.

Sanandikalipire. Zikanakhala bwino akanandikalipira.

A dokotala alankhula mosabisa. Andipatsa mpaka Lolemba la pa 17. Ndikakhala ndisanasinthe, andisamutsira kuseri kwa chitseko chobiriwira chija, ndipo kumeneko makanda saloledwa. Mwana adzapita kunyumba ndi alamu anga, azikamwa wa m'botolo.

Ndimayesa ndikamva zimenezi ndipepukidwa, poti ndiye kuti eni ake abwera kudzatenga mwana wawo. Koma mpaka pano sindinachotse dzanja pakabedi kake.

Lamlungu, pa 9

Alendo. Bambo a mwana abwera ndi chiwindi chimene akazinga okha, cholimba ngati chidendene cha nsapato za kufakitale kwathu. Munthu wowotcherera zitsulo, moto amaudziwa umodzi wokha. Anakhala m'mphepete mwa bedi, chipewa chili pabondo.

"Amayi, inetu ndimayesa mumadyera kukhitchini."

"Inenso ndimayesa choncho."

"Zaka zonsezi ndikati bwerani tidye, mumati yambani ndikubwera. Ndiye ine ndimangoyamba." 

Alamu anga, mlongo wawo wamkulu, ananyamula mwana nthawi yonse ya alendo. Ndi munthu wabwino, sindinganame. Koma m'chikwama mwawo ndinaona botolo latsopano likadali m'pepala lake. Ataona kuti ndaona anati, "N'kukonzekera chabe, alamu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe." Mwambiwo ndimaudziwa, ndimaunenanso, koma lero wandilasa.

Chiwindi ndadya zidutswa ziwiri, bambo akuyang'ana. Nsagwada zikuwawa.

Lolemba, pa 10

Kwabwera a dokotala a maganizo, bambo odekha a imvi m'ndevu. Ndawauza zonse, za kugogoda ndi za mwana wa eni. Akuti matendawa amagwira amayi ambiri akabereka, ena pang'ono, ena kwambiri ngati ine, ndipo si kuipa mtima. Njala ndi kusowa tulo zinathandiza kutsegula khomo, koma chakudya chokha sichingalitseke. Andiyambitsa piritsi loyera, theka, madzulo. Kuyamwitsa ndipitirize.

Ndinafunsa ngati akugogodayo alipodi. Anati, "Inu mukumumva, zimenezo sindikutsutsa. Koma musamutsatirenso."

Lachiwiri, pa 11

Tulo. Lilime lolemera. Dzira limodzi, theka la lalanje.

Lachitatu, pa 12



Masana kunayamba monga mwa nthawi zonse, koma pafupi kwambiri, ngati m'wodi momwemuno. Ndinagona chagada, maso kudenga, ndikudziuza kuti sindidzuka. Ngo, ngo, ngo. Ndiye ndinamva Amake Mapasa akuti, "Asisi, chonde tasiyani, anawa angogona kumene."

Ndinasangalala! Ndinati, "Nanunso mwamva?"

"Ndingalephere bwanji kumva? Taonani dzanja lanu."

Ndinatembenuza mutu. Dzanja langa lamanja linali pakakabati ka pambali pa bedi, litagwira supuni, likugogoda mbale yanga yachitsulo yomwe ndinabwera nayo kuchokera kunyumba. Katatu, n'kudikira. Ndinaliyang'ana likuchita zimenezo ngati la munthu wina. Ndinachita kuligwira ndi linzake kuti lisiye.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku lija la magazi. Ine ndimayesa n'chizolowezi cha kuntchito kwanu. Ngakhale Loweruka lija munatuluka mukugogoda mbale yomwe munanyamulayo."

Ndinapempha a nesi kuti supuni azisunga okha, azindipatsa nthawi ya chakudya basi. Amake Mapasa anafuna kundiseketsa. "Ndiye wosalandira uja tamupeza. Zaka zonsezi ali pamzere. Koma wophika wake ndi wankhanza bwanji!"

Ndinaseka pang'ono, kenako misozi inabwera, yoyamba chibadwire mwanayu, ndipo inakana kusiya mpaka kangolo ka madzulo.

Lachinayi, pa 13

Kuphunzira kudya ndili mayi wamkulu. A nesi aatali amandikhazika pampando nditafulatira wodi kuti ndisaone mbale za ena. Amaima kumbuyo kwanga ngati oyang'anira mayeso. Supuni yoyamba imalowa bwino, ndi yolawa. Yachiwiri ndi imene imavuta. Thupi lonse limandiuza kuti ndikuba, kuti kumbuyo kwanga kuli mzere wa anthu ndipo ine ndakhala pansi.

"Mezani, mayi. Za mcherezo tasiyirani eni khitchini."

Ndamaliza theka la mbale: mpunga, masamba, dzira. Pakati pa tsiku mtedza wokazinga ndi kapu ya mkaka. Mutu ukuwawa chifukwa chosowa tiyi, amandilola kapu imodzi yokha, iyonso patapita nthawi nditamwa piritsi lofiira. Chimbudzi chada bii, akuti ndi ayironi, ndisaope.

Lachisanu, pa 14

Wabwera wopsereza nyemba uja kudzandiona, ndi nthochi. Ndinamufunsa ngati kuholo kwafa munthu. Akuti ayi, onse akudya, ena akuwonjezera. Zinandiwawa. Kenako anati, "Koma amayi, ifetu timadya inu mukapita kustolo. Mulipo timaopa kukhala pansi."

Ndiye kuti ana a eni aja a kukantini ndimawagonekanso ndi njala. Nthochi ndadya ziwiri.

Loweruka, pa 15

Amake Mapasa atuluka dzulo. Anandisiyira malalanje ndi mawu akuti, "Mukapatsa munthu, ndidzamva." Bedi lawo alivula nsalu, latsala matiresi akuda a pulasitiki.

Magazi afika 9.4. Mwana wakwera pang'ono pasikelo. M'mawa akuyamwa anasiya bere n'kundiyang'anitsitsa nthawi yaitali, atakwinya nsidze ngati bambo ake akamayang'ana chitsulo chopindika. Ndinamva kenakake kakusuntha pansi pa nthiti. Ndinati, "Ukuyang'ana chiyani, iwe wanga?" Mawuwo anatuluka okha.

Masana kugogoda kwabweranso.

Supuni ili m'thumba la a nesi. Mbale ili m'kabati. Manja onse awiri ndinawakhalira. Kumachokera pabedi lopanda munthu lija, ndipo palibe wina m'wodi anatembenuka.

Sindinauze aliyense. Ndili ndi mantha.

Lamlungu, pa 16

Ndamaliza mbale yonse, nsomba ndi nyemba. A nesi anaomba m'manja. Aliyense akuti ndachira, nkhope yabwerera. Bambo a mwana ayamba kukamba zopenta chipinda. Ndikangotseka pakamwa mawa, tonse tipita kunyumba. Angadziwe ndani? Koma kunyumba kulibe Amake Mapasa owakha ana.

Lero kugogoda kunali pachitsulo cha kumiyendo kwa bedi langa. Ndimamva kunjenjemera kwake m'zidendene.

Lolemba, pa 17

Madokotala onse awiri anachedwa, anafika kangolo ka masana katangodutsa. Chakudya changa chinali chivundikirire pakabati. Alamu anali atafika kale ndi chikwama chawo ndi nsalu yoberekera, atakhala mowongoka ngati akudikira basi pasiteji. Mwana anali kubere, dzanja langa lina kumutu kwake, lina kumatako.

Anawerenga za magazi, za sikelo, za mbale zimene ndamaliza. Anagwedeza mitu mokhutira. Kenako a imvi m'ndevu aja anakoka mpando.

"Mayi, kugogoda kuja mukukumvabe?"

Nthawi yomweyo kunali kukugogoda, pafupi ndi bondo lawo. Ngo, ngo, ngo. Ndinayang'ana manja anga, onse ali pa mwana. Ndinayang'ana nsalu ya alamu. Liwu loti ayi linali kale pakamwa, lopepuka, lokonzeka. Kadzanja ka mwana kanali katagwira kolala ya bulauzi yanga. Ndinaganiza za bedi lathu la kunyumba, ndi simenti ili pansi pake, ndi masana amene onse amakhala atapita kuntchito.

"Ndikukumva. Panopa kuli apo pali bondo lanupo."

Alamu anagwira pakamwa. Ine ndinamufungatira mwana mwamphamvu mpaka anadandaula, poti ndinadziwa kuti ndamupereka ndekha.

A dokotala sanayang'ane bondo lawo. "Kunabweranso liti?"

"Loweruka. Masana alionse."

"Kukabwera mumatani?"

"Ndimakhalira manja. Sindidzuka."

"Koma mumafuna kudzuka?"

"Kwambiri. Koma uyu ndimusiyira ndani?"

Anayang'anizana ndi anzawo, n'kutuluka kukakambirana pakhomo. Nthawi imeneyo sindikufuna kuikumbuka. Alamu anayamba kutambasula nsalu yawo, kenako anaipindanso, osandiyang'ana.

Atabwerera anati kunyumba sindipita, padakali. Kuchitseko chobiriwiranso sindipita. Ndikhala pabedi pomwepa masabata ena awiri, piritsi loyera likwere kufika lathunthu, zakudya zipitirire momwemo, ndipo pakhale munthu wondidikirira usana ndi usiku. "Amene amandiopsa ine ndi amene amati zonse zili bwino," anatero a imvi m'ndevu aja. "Mwana akhala ndi mayi ake."

Alamu anatulutsa zovala za mwana m'chikwama n'kuziika m'kabati mwanga. "Wodikirira ndine. Pansi pomwepa ndigona, msanawu ndi wanga." Anakatenga supuni kwa a nesi, anavundukula mbale. "Bweretsani mwanayo, mudye."

"Ayi, alamu, akuyamwa. Ingondigwirirani mbaleyo."

Anaigwira. Chiwindi ndi masamba, zitazizira kale, mchere sindikudziwa ngati unalimo. Kugogoda kunali kusanasiye, katatu n'kudikira, katatu n'kudikira, moleza mtima, pambali penipeni pa alamu. Miyendo yanga inkafuna kutsika pabedi. Ndinatapa supuni yachiwiri, kenako yachitatu, ndikumva, ndikumeza, mpaka m'mbale munatsala mafuta okha.

Mawa masana mwina kubweranso. Adikira. Mwana wanga wagona pachifuwa panga pano, akulemera, mkaka uli pachibwano, ndipo palibe akubwera kudzamutenga.